Musanagule Njinga Yamagetsi, Pitani Kaye pa Sikelo

Anthu ambiri amene ali ndi galimoto yogonamo, ija timaitcha motorhome, amayamba nkhani ya njinga zamagetsi kumapeto kwake. Amalowa m'sitolo, amakwera njinga imodzi, amazungulira nayo pabwalo, mota imawakankha pang'ono ndipo amatsika akumwetulira. Pasanathe ola alipira ziwiri. Akafika kunyumba m'pamene amayamba kufunsa kuti azizinyamula bwanji, ndipo funso lakuti kodi galimotoyo ili ndi mpata wosenzera katundu ameneyu limabwera pomalizira, ngati libwera n'komwe. Ine ndimati tiyambe ndi sikelo, kenako chonyamulira, njinga ibwere kumapeto. Ndikudziwa kuti n'zosasangalatsa, chifukwa palibe amene amalota za sikelo ya magalimoto, koma galimoto ndi msana wanu ndi zimene zili ndi mawu omaliza pa njinga imene mungakhale nayo.

Kufunika kwa njingazo sindikutsutsa. Amene anagonapo mu motorhome akudziwa mmene zimakhalira ukafika pamalo oimikapo. Walumikiza chingwe cha magetsi, wakweza matayala pa timitanda kuti bedi lisapendekeke, watambasula chinsalu cha mthunzi, makapu ndi mbale zatuluka m'makabati. Ndiye wina n'kukumbukira kuti chakutichakuti chatha, ndipo sitolo ili pa mtunda wa makilomita 8. Kuti upiteko pa galimoto uyenera kulongedzanso zonse, ndipo ukafika upeza kuti polowera pamalo oimika magalimoto pali chitsulo chopingasa pa msinkhu wa mamita 2, pamene galimoto yako ndi ya mamita pafupifupi 3 kupita m'mwamba. Njinga yakapalasa wamba imathetsa vutoli ngati dera ndi lachidikha ndipo mawondo akadali olimba. Koma malo okongola oimikapo amakonda kukhala pamwamba pa phiri kapena pansi pa chigwa, ndipo ambiri a ife amene tili ndi nthawi yoyenda maulendo otere unyamata tinautsanzika kale.

Vuto la njinga yamagetsi ndi kulemera. Njinga wamba imalemera makilogalamu 12 mpaka 15. Yamagetsi yoyendera maulendo, yokhala ndi madigadi, nyali, keliyala ndi batire, imakhala pakati pa makilogalamu 23 ndi 28, zina kuposa pamenepo. Ziwiri ndi makilogalamu 50 kapena kupitirira, ndipo mukaonjezera chonyamulira chake, maloko, matchaja ndi zipewa mwafika pa 80 osadziwa.

Munthu akaona kukula kwa motorhome amaganiza kuti makilogalamu 80 si kanthu. Koma magalimoto amenewa amatuluka m'fakitale ali kale pafupi ndi malire awo. M'mayiko a ku Ulaya laisensi wamba ya gulu B imalola kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 itasenza zonse. Ku UK amene anapeza laisensi chisanafike chaka cha 1997 anapatsidwa ufulu wofika pa 7,500, koma obwera pambuyo pake ayenera kukhoza mayeso ena a gulu C1. N'chifukwa chake makampani amapanikiza bafa, filiji, mabedi ndi mathanki kuti zonse zikwane pansi pa 3,500, ndipo mpata wotsala wa katundu wanu umangokhala makilogalamu 300 mpaka 500 pa magalimoto ambiri. Nambala imeneyi imawerengedwa ngati kuti m'galimoto muli dalaivala yekha wa makilogalamu 75, ndipo opanga ambiri amawerengera madzi ochepa chabe m'thanki. Mnzanu wa paulendo sali m'masamuwo. Chinsalu cha mthunzi chimene munaonjezera, mapanelo a sola, batire lachiwiri, madzi malita 100 amene ndi makilogalamu 100, zovala, chakudya, mipando yakunja, zonsezi zimadya mpata womwewo. Pamwamba pa izo, malamulo amalola kuti galimoto yeniyeni isiyane ndi kulemera kolembedwa m'buku ndi 5 peresenti. Pa galimoto ya makilogalamu 3,000, ndiye kuti 150 akhoza kukhala atapita kale musanaikemo ngakhale supuni.

Komabe chimene chimagwira anthu ambiri si kulemera kwa galimoto yonse, koma kwa ekiselo yakumbuyo, ndiko kuti kulemera kumene matayala akumbuyo amasenza. Nyamulani ndowa yamadzi mutaigundika pathupi, kenako muinyamule mkono mutautambasula: madzi ndi omwewo, koma phewa limamva zosiyana. Njinga zimakhala kumapeto kwenikweni kwa galimoto, kutali kumbuyo kwa matayala, ndiye zimapanikiza matayala akumbuyo mopitirira kulemera kwake n'kutukula akutsogolo. Masamu ake ndi apafupi. Tinene kuti kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo pali mamita 4, ndipo njinga zili mamita 2 kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Tengani makilogalamu 80 aja, chulukitsani ndi 6 (mamita 4 aja kuphatikiza 2), gawani ndi 4. Ekiselo yakumbuyo yalandira makilogalamu 120, ndipo yakutsogolo yapepukidwa ndi 40.

Makilogalamu 40 ochoka kutsogolowo ali ndi ntchito. Ma motorhome ochuluka a ku Ulaya amamangidwa pa Fiat Ducato kapena abale ake a Peugeot ndi Citroën, ndipo onsewa amakoka ndi matayala akutsogolo. Matayala omwewo ndi amene amawongolera. Mukawapeputsa, chiwongolero chimayamba kumveka chopepuka mphepo ikaomba chammbali, ndipo pa udzu wonyowa galimoto imangopukusa matayala osasuntha. Kumbuyo nako, pa Ducato yopepuka malire a ekiselo amakhala makilogalamu 2,000, ndipo n'zotheka kuwapyola galimoto yonse ikadali pansi pa 3,500. Apolisi a pamsewu amayeza ekiselo iliyonse payokha. Matayala nawo satengera kuti kutsogolo kuli mpata: akalemedwa amatentha, ndipo tayala lakumbuyo likaphulika pa liwiro la makilomita 100 pa ola, zinthu zimasokonekera m'kuphethira kwa diso.

Ndiye pakirani galimoto ngati mukunyamuka ulendo weniweni, madzi, gasi, mafuta ndi anthu onse ali momwemo, mupite nayo pa sikelo ya magalimoto. Yezani yonse, kenako muimike matayala akumbuyo okha pa sikelopo. Malire ake ali pa kachitsulo kapena kapepala kamene kamamatidwa pafupi ndi chitseko kapena mu boneti: mzere wolembedwa 1 ndi ekiselo yakutsogolo, wolembedwa 2 ndi yakumbuyo. Chotsani zimene sikelo yaonetsa pa malirewo, muone chatsala. Ngati kumbuyo kwatsala makilogalamu 70 okha, njinga ziwiri zazikulu pa chonyamulira chakumbuyo n'zosatheka, ngakhale wogulitsa atalumbira bwanji. Si mapeto a nkhani. Mukhoza kuyenda ndi madzi ochepa, kusunthira zolemera kutsogolo, kapena kusankha njinga zopepuka. Koma mwadziwa ndalama zikadali m'thumba.

Chonyamulira chimene chimabwera ndi ma motorhome ambiri ndi chija chomangidwa pakhoma lakumbuyo. Fiamma ya ku Italy ndi Thule ya ku Sweden ndi mayina amene mudzakumane nawo kwambiri. Zambiri za mtundu umenewu zimalembedwa makilogalamu 50 kapena 60, ndipo kanjanji kalikonse koimikapo njinga kali ndi malire akenso, kawirikawiri osapitirira 30. Koma nambala yolembedwayo ikunena za chitsulocho, osati za khoma. Khoma la motorhome ndi timapepala tiwiri topyapyala ta aluminiyamu kapena pulasitiki yolimba, pakati pali thovu louma lotchinga kuzizira, ndipo malo olimba omangapo mabawuti ndi ochepa amene wopanga anaikamo dala. Funsani wopanga galimotoyo kuti khomalo limasenza zingati. Pa bampu iliyonse njinga zimadumpha n'kugwera pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwake, mabawuti amagwedezeka, zomatira zimang'ambika pang'onopang'ono, madzi amvula amapeza polowera. Chinyezi cha m'khoma ndicho chimapha ma motorhome ambiri injini ikadali yabwinobwino, ndipo sichioneka mpaka chitawononga.

Palinso nkhani ya msinkhu. Tinjanji ta chonyamulira chapakhoma timakhala pa chifuwa cha munthu kapena kupitirira. Kukweza njinga ya makilogalamu 25 kufika pamenepo, uku ikupendekera mbali imene kuli mota, uku mahandulo akutembenuka kufuna kuswa zenera, si ntchito yoti munthu wa zaka 65 aziichita m'mawa ndi madzulo. Ndaonapo njinga zokongola zitamangidwa pamwamba pamenepo sabata yathunthu, eni ake akuyenda wapansi, chifukwa kuzitsitsa ndi kuzikwezanso kunali kotopetsa kuposa ulendowo. Zilipo zonyamulira zapakhoma zotsika pansi, zina zopukusa ndi dzanja, zina za mota yamagetsi. Zimapulumutsa msana, koma nazo n'zolemera kuposa zinzake, ndipo khoma ndi lomwe lija. Kwa amene ali ndi galimoto ya mtundu wa vani, yokhala ndi zitseko ziwiri kumbuyo, zonyamulira zambiri zomangidwa pachitseko zimathera pa makilogalamu 35. Njinga ziwiri zamagetsi zazikulu sizikwanapo, ngakhale mutachotsa mabatire.

Chonyamulira chokhala pa mpira wa towbar, chitsulo chija chokokera ngolo, chimathetsa mavuto awiri nthawi imodzi: katundu amapita ku chasisi osati pakhoma, ndipo njinga zimakhala m'munsi, pa msinkhu wa m'mawondo. Zambiri zimasenza makilogalamu 60, zimapendekeka kuti mutsegule chitseko, ndipo zina zili ndi kanjira kotsetsereka kokankhirapo njinga osainyamula. Njinga zamagetsi zambiri zili ndi batani loyendetsa njinga pang'onopang'ono, osapitirira makilomita 6 pa ola, munthu ali pambali, ndiye imadzikweza yokha. Choti muone ndi nambala yolembedwa S pa towbar, imene ikunena kulemera kumene mpirawo ungasenze kuchokera pamwamba. Chonyamulira chokha, cha makilogalamu pafupifupi 20, chimawerengedwa momwemo. Towbar nayo ili ndi kulemera kwake, ndipo pa motorhome yotalika kumbuyo imafuna zitsulo zoonjezera. Werenganinso buku la chonyamuliracho, chifukwa ena opanga amalemba mosabisa kuti chawo sichololedwa kumbuyo kwa motorhome, kumene kugwedezeka kumakhala koposa kwa galimoto yaing'ono. Makampani a ku Germany monga Sawiko ndi Linnepe amapanga zina zomangidwa mwachindunji pa chasisi, zotha kusenza ngakhale njinga yamoto yaing'ono. N'zolimba, n'zodula, ndipo zimakhula pansi pokwera chombo kapena potuluka pachipata chotsetsereka.

Ine mtima wanga uli pa galaja, chipinda chachikulu chija cha pansi pa bedi lakumbuyo. Njinga zimakhala zouma, zoyera, ndipo wakuba sazione. Magalaja ambiri amaloledwa makilogalamu 150. Koma galaja nayo ili kumbuyo kwa matayala, ndiye masamu a ekiselo aja sanathe, angochepa. Ndipo yezani chitseko, osati mkati mwake. Anthu amayeza mkati, amapeza kuti ndi motakasuka, n'kuiwala kuti njinga iyenera kudutsa pakhomo limene n'lalifupi kuposa denga. Njinga yaikulu yokhala ndi mahandulo okwera imafika mita imodzi ndi masentimita 10 kapena 20, ndipo pa magalaja ambiri muyenera kuipendeketsa, kutsitsa chishalo kapena kuchotsa tayala lakutsogolo. Ikalowa, mipando, tebulo ndi chingwe cha magetsi zimasowa pokhala. Muzimangenso ndi malamba pa mphete za pansi, chifukwa njinga yongotsamira khoma imayenda yokha mukaponda mabuleki.

Mukadziwa makilogalamu amene muli nawo ndiponso pamene njinga zizikhala, kusankha njinga kumaphweka, chifukwa theka la za m'sitolo lagwa kale.

Choyamba kwa ine ndi batire lochotseka. Njinga zina zopepuka ndi zooneka bwino zili ndi batire lotsekeredwa m'felemu, loti silituluka popanda makaniko. Kwa munthu wokhala m'nyumba yokhala ndi soketi pafupi ndi pamene amasunga njinga, zilibe vuto. Pa motorhome n'zosathandiza. Batire lochotseka limachotsa makilogalamu atatu kapena anayi pa njinga iliyonse poikweza, limalowa mkati kumene kulibe mvula ndi dzuwa, limatchajidwa pamene mwafuna, ndipo njinga yopanda batire imachepa mtengo m'maso mwa wakuba.

Chachiwiri ndi kukula kwa matayala, ndipo apa anthu amandikana. Njinga za matayala aang'ono a mainchesi 20, monga zopangidwa ndi Tern kapena i:SY, zimaoneka ngati za ana, koma n'zazifupi, mahandulo ake amapindika kapena kutembenuka, zimalowa m'galaja mosavuta, ndipo njinga imodzi imakwanira munthu wamtali ndi wamfupi yemwe. Pa msewu wa tala ndi njira zosalala sizisiyana kwenikweni ndi zazikulu. Pa miyala ndi mchenga zimagwedeza, ndipo amene akufuna njira za m'mapiri asadzivute nazo. Zopinda zenizeni ndi nkhani ina. Brompton yamagetsi, ya matayala a mainchesi 16, imalemera makilogalamu pafupifupi 17 ndipo imapindika mpaka kulowa m'kabati, koma batire lake ndi laling'ono, la ma Wh (muyezo wa mphamvu yosungidwa m'batire) cha pa 300 okha, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Zimene ndimachenjeza nazo anthu ndi zopinda zotchipa za matayala onenepa zimene zadzaza pa intaneti. Zina zimafika makilogalamu 30. Njinga yoongoka ya makilogalamu 30 umatha kuikankha. Ikapindidwa imasanduka chimtolo chopanda pogwira, chotsina zala, choti uchinyamule basi. Matayala akenso sakwana m'tinjanji ta zonyamulira zambiri.

Felemu yotsika pakati, yoti mwendo umangodutsa osauponya pamwamba pa chishalo, ndi yabwino kwa aliyense amene chiuno chayamba kudandaula, ndipo maganizo akuti ndi ya amayi okha anatha ntchito. Kumbukirani chabe kuti dzanja la chonyamulira limafuna pogwira, ndipo pa felemu yotere nthawi zina pamafunika chitsulo chopingasa choikapo dala. Ngati n'kotheka pitani ndi galimoto kusitolo mukayese kukweza njinga zonse ziwiri limodzi. Imodzi imakwana nthawi zonse. Yachiwiri ndi imene imaulula kuti mahandulo akugunda chishalo cha inzake, ndipo pedulo ikukanda mota.

Za mota ndinena mwachidule. Ina imakhala pakati pa tayala, ina imakhala pamene pali mapedulo. Ya m'tayala ndi yotchipa ndipo m'dera lachidikha imakwanira. Ya pa mapedulo, monga za Bosch, Shimano ndi Yamaha, imagwiritsa ntchito magiya a njinga, ndiye imakwera mtunda wautali osatopa. Mphamvu yake yopotokola imalembedwa mu ma Nm: zofatsa zili cha pa 40, zamphamvu 85 kapena kuposa. Kwa munthu wopita kumsika ndi kukaona malo, 50 kapena 60 ndi yokwana. Chimene chimandikokera ku mayina odziwikawa si ulemu wa dzina, koma kuti mota ikakana ntchito muli kutali ndi kwanu, m'mizinda yambiri mumapezeka wokonza amene ali ndi kompyuta yoiyeza. Njinga yopanda dzina ikafa paulendo, mudzaisenza ulendo wonse ngati katundu. Ndipo ngati muli awiri, gulani njinga za batire la mtundu umodzi. Tchaja imodzi imakwanira, ndipo wotopa msanga amatenga batire lodzaza. Lamba m'malo mwa tcheni, pamodzi ndi magiya otsekeredwa mkati mwa tayala, ndi chinthu chinanso chimene ndimachikonda: palibe mafuta odetsa zovala ndi makatani, ndipo palibe kachitsulo kosinthira magiya kolendewera pambali koti kapindike njinga zikapanikizana.

Malamulo amasiyana, ndipo motorhome imadumpha malire a mayiko. Ku European Union ndi ku UK, njinga yamagetsi imatengedwa ngati njinga wamba ngati mota yake ndi ya mawati 250, imathandiza pokhapokha munthu akupalasa, ndipo imasiya kuthandiza pa makilomita 25 pa ola. Yothamanga mpaka 45 imatengedwa ngati njinga yamoto yaing'ono, yofuna nambala ndi inshuwalansi. Ku United States zinthu n'zomasuka: mawati 750, ndipo m'zigawo zambiri njinga zimagawidwa m'magulu atatu. Njinga yogulidwa motsatira malamulo a ku America ikhoza kukhala yoletsedwa pa njira za njinga za ku France kapena ku Netherlands.

Tsopano magetsi. Wogulitsa amakukopani ndi batire lalikulu, la ma Wh 750, kuti muziyenda kutali. Dzifunseni kuti mudzalidzaza ndi chiyani. Munthu wopalasa bwinobwino amadya ma Wh 5 mpaka 10 pa kilomita, ndiye batire la 500 limamufikitsa makilomita 50 mpaka 100. Ambiri a ife sitiyenda ngakhale theka la pamenepo pa tsiku. Pamalo oimikapo okhala ndi soketi palibe vuto: tchaja wamba imadya mawati osafika 200 ndipo imadzaza batire la 500 m'maola anayi kapena asanu. Vuto limabwera mukagona kutchire kapena pamalo opanda magetsi. Batire la m'nyumba ya motorhome ndi la mavoti 12. Ma Wh 500 mukawagawa ndi 12 mupeza ma Ah (muyezo wa kukula kwa batire lotere) pafupifupi 42, ndipo mukaonjezera zotayika mu inveta (chosinthira magetsi a batire kukhala a pa soketi) ndi mu tchaja, afika cha pa 50. Njinga ziwiri ndi ma Ah 100. Batire wamba lamtovu la ma Ah 100 siliyenera kutsika kupitirira theka, apo ayi limafa msanga. Ndiye kudzaza njinga imodzi yokha kwatha mphamvu yonse ya m'nyumba, nyali, pampu yamadzi ndi chotenthetsera zisanalandire kalikonse.

N'chifukwa chake ambiri amene amayamba ndi njinga amapezeka akusintha magetsi a galimoto yonse. Batire la lithiamu la mtundu wa LiFePO4 limalola kugwiritsa ntchito pafupifupi mphamvu yake yonse ndipo n'lopepuka kuposa lamtovu. Panelo ya sola ya mawati 100 imapereka ma Wh 300 mpaka 500 pa tsiku la dzuwa labwino, kutanthauza kuti tsiku lonse lathera pa njinga imodzi, ndipo kukachita mitambo iwalani. Njira imene ndimaiona yanzeru ndi kutchaja galimoto ikuyenda, pamene injini ikupanga magetsi ambiri, makamaka ngati pali tchaja ija yochokera ku batire la injini kupita ku la m'nyumba. Inveta ikhale ya mtundu wa pure sine wave, wotulutsa magetsi ofanana ndi a pa soketi ya kunyumba, chifukwa matchaja ena amakana kapena kupsa ndi zotchipa zija. Ndipo simukakamizidwa kudzaza batire mpaka pakamwa tsiku lililonse. Kuonjezera pang'ono kokwanira ulendo wa mawa ndi bwino, ndipo batire la lithiamu limakhalitsa likamakhala chapakatikati.

Nkhani ya moto sindiitenga mopepuka. Batire la lithiamu likayamba kuyaka limadzisonkhezera lokha, limatulutsa utsi wapoizoni, ndipo chozimitsira moto chaching'ono cha m'galimoto sichingalithe. Ozimitsa moto a ku London ananena kuti m'chaka cha 2023 ankathamangira moto wa njinga yamagetsi kapena sikuta yamagetsi pafupifupi masiku awiri alionse. Chaka chomwecho mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo lakuti njinga zamagetsi zogulitsidwa kumeneko zikhale zoyesedwa pa muyezo wa chitetezo wotchedwa UL 2849. Moto wambiri umachokera ku mabatire otchipa osayesedwa, njinga zosinthidwa pamanja, matchaja osagwirizana ndi batire, ndi mabatire amene anagwapo pansi. Batire la kampani yodziwika lotchajidwa ndi tchaja yake siliyaka wambawamba. Komabe ganizirani kuti motorhome ndi kachipinda kamatabwa ndi thovu, kokhala ndi botolo la gasi, ndipo pakati pa bedi ndi chitseko pali kanjira kamodzi. Ine sinditchaja tikugona, ndipo sinditchaja pakati pa bedi ndi khomo. Masana, pamthunzi kunja kapena m'galaja chitseko chili chotsegula, pamalo olimba osati pa bulangete, munthu ali pafupi. Batire lotupa, long'aluka kapena lonunkha lisalowe m'galimoto. Kukazizira mpaka madzi kuundana musalitchaje, lidikireni lifunde kaye, ndipo musalisiye pazenera galimoto itatsekedwa padzuwa. Poyenda, mabatire akhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, atakulungidwa kuti asagubuduke. Pamenepo mwachotsanso makilogalamu 6 kapena 8 kumapeto kuja kumene amalemera kwambiri.

Njinga zikakhala kunja, kumbuyo kwa galimoto kumakoka fumbi, matope ndi madzi onse a pamsewu. Mvula ya pa makilomita 100 pa ola imalowa m'malo amene mvula wamba sifika. Chotsani kasikirini ka pa mahandulo ngati kamachoka, tsekani pamene batire limalumikizana ndi njinga ndi kachivindikiro kake, ndipo mukafika pukutani tcheni ndi mabuleki. Chinsalu chofunditsa njinga zonse chimateteza, koma chikakhala chokhwepa chimakupiza, chimakanda penti, ndipo mphepo yammbali imachikoka pamodzi ndi chonyamulira. Chisatseke nyali kapena nambala ya galimoto. Ngati njinga zikutchinga zimenezi, pamafunika nyali ndi nambala zina pa chonyamuliracho. Ku Italy ndi ku Spain katundu wotulukira kumbuyo amafuna chikwangwani chonyezimira cha mizere yofiira ndi yoyera, cha masentimita 50 mbali zonse, ndipo cha dziko limodzi sichifanana ndendende ndi cha linzake. Pogula tikiti ya chombo, kutalika kwa galimoto kuwerengedwe pamodzi ndi njinga, chifukwa theka la mita loonjezeralo limatha kukulowetsani m'gulu lina la mtengo. Kamera yakumbuyo nayo imayamba kuonetsa masipoko m'malo mwa msewu, ndipo timasensa tobwerera m'mbuyo timalira mosalekeza. Malamba amakhwepa m'makilomita oyambirira, ndiye imani mukayenda pang'ono muwakokenso.

Akuba amazidziwa njinga zimenezi kuposa ife eni ake. Kaloko kamene kamabwera pa dzanja la chonyamulira n'kongoletsa mwana wodutsa. Pamafunika unyolo wolimba kapena loko wachitsulo chokhuthala, wodutsa m'felemu za njinga zonse ziwiri n'kukagwira chinthu chimene sichimasuka ndi sipanala, chifukwa chonyamulira cha aluminiyamu chimadulidwa msanga kuposa unyolowo. Maloko abwino awiri ndi makilogalamu ena atatu kapena anayi, ndipo nawo alowe m'masamu aja. Malo oopsa kwambiri si kumene mumagona, kumene anthu amaonerana, koma pamalo oimika magalimoto a sitolo yaikulu kapena popumira pa msewu waukulu, pamene mwachokapo mphindi 20. Inshuwalansi ya motorhome nthawi zambiri siphimba njinga, kapena imaphimba ndalama zochepa zosafika mtengo wa imodzi. Ngati mutenga yapadera, werengani ziganizo zing'onozing'ono zija: ena amatchula mtundu wa loko umene amauvomereza, ena salipira njinga ikabedwa pa chonyamulira usiku, ndipo ena batire amaliwerengera padera. Lembani nambala ya felemu ndi ya batire, mujambule njinga zonse ziwiri pamodzi ndi malisiti ake, ndipo zithunzizo zikhale mu foni, osati m'kabati ya kunyumba.